Khadi ya ngongole yapa MoneySuperMarket: nditenge kapena ndisiye?

Nachisale wa ku Leeds: Abale anga, ndithandizeni maganizo. Kuno ku UK ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Ndimafuna foni ya kontrakiti koma anandikana, ati ndilibe mbiri ya ngongole. Mnzanga wa kuntchito wandilozera pa MoneySuperMarket. Ndayankha mafunso awo ndipo andionetsa makhadi angapo omwe mwayi wondipatsa ndi waukulu, koma chiwongoladzanja chake chikupitirira 30 peresenti. Kwinaku kampani ina ikufuna ndizilipira mapaundi pafupifupi 15 pamwezi kuti ndiziona mbiri yanga ya ngongoleyo. Ziwirizi n'zoyenera kutayirapo ndalama? Nanga a MoneySuperMarket amenewa ndi ndani kwenikweni?

aMwale wa ku Luton: Achemwali, thawani. 30 peresenti ndi katapila ameneyo, wangovala suti. Ine chibwerere kuno sindinagwirepo credit card ndipo ndimagona tulo tabwino.

Mayi a Tadala: aMwale, inu mumagona tulo chifukwa nyumba munalowa kale. Mwanayu angofika kumene, mawa akafuna kubwereka nyumba kapena kugula galimoto pangongole adzamufunsa mbiri yomweyo. Mbiri ya kubanki kumudzi siwoloka nyanja, kuno umayamba ngati sunagwirepo ndalama.

aPhiri wa ku Chester: Ndiyankhe kaye funso loti ndi ndani, chifukwa likulu lawo lili ku Ewloe, mbali ya Wales, pafupi ndi kuno. Si mbava zapa intaneti ayi. Kampaniyi anaiyambitsa Simon Nixon ndi mnzake Duncan Cameron mu 1993, ndipo nthawi imeneyo inkatchedwa Mortgage 2000. Ntchito yake inali yosonkhanitsa mitengo ya ngongole zogulira nyumba n'kumapereka kwa anthu ochita malonda othandiza ena kupeza ngongolezo. Mu 1999 ndi pamene anatsegula webusaiti yoti aliyense azidzionera yekha, kenako anawonjezera makhadi, ngongole zina, inshuwalansi, magetsi ndi gasi. Mu 2007 analowa pamsika wa masheya wa London. Mu 2024 kampani yaikulu inasintha dzina kukhala Mony Group, koma webusaiti idakali ndi dzina lakale.

Chofunika kumvetsa n'chakuti iwo sabwereketsa ndalama. Khadi imachokera ku banki kapena kampani yobwereketsa. Iwo amangokusonyezani, ndipo mukadutsira pa iwo n'kutenga khadi, mwini khadiyo amawapatsa kangachepe. Inu simulipira kalikonse.

aMwale wa ku Luton: Ehe, mwanena nokha. Amadyerapo. Ndiye munthu wodyera pa ngongole yanga angandiuze kuti ndisatenge ngongole? Ine ndimamvera Martin Lewis basi, mlangizi wa za ndalama uja, uyo ndiye amanena zoona.

aPhiri wa ku Chester: Pepani achimwene, koma webusaiti ya Martin Lewis, MoneySavingExpert, yomwe anaiyambitsa mu 2003, anaigulitsa kwa a MoneySuperMarket omwewa mu 2012, pamtengo wofika mapaundi 87 miliyoni. Anagwirizana kuti zolemba zake zizikhala zoima pazokha, ndipo ine ndimaziwerenga, n'zothandiza ndithu. Koma khola ndi limodzi.

aMwale wa ku Luton: Aaa! Ndiye tathera pomwepo.

Chifundo_Manchester: Kkkk amalume musakomoke. Kudyerapo si mlandu, bola udziwe kuti akudyerapo. Zimene ndimauza anthu n'zakuti mndandanda wawo si msika wonse. Pali mabanki ena omwe makhadi awo simuwapeza pamenepo, komanso banki yomwe mumalandirirako malipiro ikhoza kukhala ndi khadi yake yomwe ingakuvomereni chifukwa imaona ndalama zikulowa mwezi ndi mwezi. Ndiye onani pa MoneySuperMarket, onaninso pa ClearScore, webusaiti ina yoonetsa mbiri ya ngongole ndi makhadi, funsaninso banki yanu.

Chimene ndimawakondera ndi kachipangizo kaja koyeza mwayi. Mukayankha mafunso pamenepo amasuzumira mbiri yanu mwa njira yotchedwa soft search, yomwe obwereketsa ena saiona. Koma mukangodina kupempha khadi yeniyeni, imeneyo ndi hard search, imasiya chidindo. Mukapempha kuno akukanani, mawa uko akukanani, zidindo zija zimachuluka ndipo mumaoneka ngati munthu wopanikizika. Kale anthu ankaponya mwakhungu, pano umadziwiratu.

Nachisale wa ku Leeds: Zikomo achimwene. Ndiye ija ya foni anandikana ija yasiya chidindo?

Chifundo_Manchester: Mwina inde, koma chimodzi sichiopsa, ndipo mphamvu yake imachepa pakapita miyezi. Osangowonjezerapo zina motsatizana.

Mayi a Tadala: Mwanawe, usanapemphe khadi ina iliyonse, unalembetsa m'kaundula wa mavoti? Anthu ambiri sadziwa kuti ife a Malawi, pokhala a Commonwealth, tikakhala ndi chilolezo chokhala m'dziko muno timaloledwa kulembetsa. Anzathu a ku Zambia chimodzimodzi. Obwereketsa amayang'ana kaundula ameneyo potsimikiza dzina ndi adiresi. N'zaulere, umalembetsa pa webusaiti ya boma uli pa basi. Ndaona atsikana angapo kutchalitchi kwathu zinthu zikuwayendera atangochita zimenezi.

Nachisale wa ku Leeds: Mayi, ayi sindinalembetse. Ndinkaona ngati n'za eni dziko okha.

aBanda wa ku Glasgow: Ine ndikufuna ndikambe za 30 peresenti, chifukwa aMwale aopseza mwana mopitirira. Chiwongoladzanja chimenecho chimagwira amene wasiya ngongole kuti iwoloke mwezi. Mukagula zinthu n'kubweza zonse tsiku lisanakwane, simulipira ngakhale peni. Makhadi ambiri amapereka masiku ofika 56 opanda chiwongoladzanja pa zogula. Makhadi omangira mbiri, monga a Aqua, Vanquis kapena Capital One, amayamba ndi malire ochepa, mwina mapaundi mazana angapo. Njira yake ndi iyi: muzilipirira chinthu chomwe mumagula kale, monga tikiti ya basi kapena ndiwo za sabata, muike direct debit, yoti banki izilipira yokha mwezi ndi mwezi, yobweza ndalama zonse, osati minimum payment, kandalama kochepetsetsa komwe amalola kubweza pamwezi, basi khadi ibwerere m'chikwama.

Koma aMwale sakunamanso. Tiyerekeze mwasiya mapaundi 500 pa khadi ya 35 peresenti. Mwezi uliwonse mapaundi 12 kapena 13 akupita ku chiwongoladzanja chokha. Mukamapereka minimum payment yokha, ngongole imasuntha pang'onong'ono zedi. Vutoli linakula mpaka a FCA, omwe amayang'anira makampani a zachuma, anakhazikitsa lamulo mu 2018 loti munthu akatha miyezi 18 akulipira chiwongoladzanja chochuluka kuposa zomwe akubweza pa ngongole yeniyeni, kampani iyenera kumulembera kalata yomuchenjeza.

Chinanso, nambala mukuiona pa webusaiti ija yolembedwa kuti representative APR, yosonyeza chiwongoladzanja cha pachaka, si lonjezo kwa inu. Lamulo limangofuna kuti anthu 51 pa 100 alionse ovomerezedwa apatsidwe mtengo umenewo. Otsalawo akhoza kupatsidwa wokwera. Pokhapokha atalemba kuti mtengo wanu ndi wotsimikizika, werengani pepala lomaliza musanavomere.

aMwale wa ku Luton: aBanda, zonse mwanenazo n'zoona papepala. Koma mukuiwala kuti ife tili ndi foni yochokera kumudzi. Usiku kubwera uthenga, amayi agonekedwa m'chipatala, kapena fetereza wakwera, kapena fizi. Khadi ili m'chikwama muli mapaundi 500. Ndi mwana uti wa Mmalawi anganene kuti iyi ndi ya tikiti ya basi yokha? Si kuti mwanayu ndi wosasamala ayi. Ndi woti ali ndi abale.

Mayi a Tadala: Apa ndiye mwalasa.

Nangozo_Reading: Ndipo pomwepo mpamene pali msampha. Kutumiza ndalama kumudzi ndi credit card, makampani ambiri amakuwerengera ngati watapa ndalama pa makina. Amadula kaye chindapusa, nthawi zambiri 3 peresenti, kenako chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, masiku 56 aja palibe. Mnzanga tinkakhala naye nyumba imodzi anabwera ndi sitetimenti kukhitchini, nsima ili pamoto, akuloza mzere wolembedwa cash transaction fee, akulumbira kuti sanapitepo ku ATM. Anali atangotumiza za maliro. Ndalama za kumudzi zizichoka pa debit card, kapena pa chipereganyu ngati muli nacho.

aPhiri wa ku Chester: Koma tisaiwale ubwino umodzi womwe debit card ilibe. Pali Section 75 ya lamulo la Consumer Credit Act la 1974. Mukagula chinthu cha mtengo wopitirira mapaundi 100 mpaka 30,000 ndi credit card, wogulitsa akapanda kupereka katundu kapena kampani yake ikagwa, mwini khadi naye amakhala ndi udindo wokubwezerani. Pa tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe, imeneyi si nkhani yochepa. Chenjezo lake n'lakuti mukagula kudzera mwa ajenti, chitetezochi nthawi zina sichigwira, chifukwa ndalama sizinapite mwachindunji kwa eni ndege.

Chifundo_Manchester: Malire a khadi yoyamba sangakwane tikiti ya ku Lilongwe, amalume kkkk.

aPhiri wa ku Chester: Safunika kukwana. Ngakhale mulipire gawo lochepa ndi khadi, zotsalazo ndi ndalama zanu, lamulo limateteza mtengo wonse.

Nachisale wa ku Leeds: Nanga za mapaundi 15 pamwezi zija? Palibe wayankhapo.

aBanda wa ku Glasgow: Musalipire. Makampani akuluakulu osunga mbiri ndi atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndipo lamulo limakupatsani ufulu woona lipoti lanu kwaulere kwa onsewo. ClearScore imaonetsa za Equifax, Credit Karma za TransUnion, osalipira kanthu. Pachaka mapaundi 15 aja ndi 180. Komanso kulipirako sikukweza mbiri yanu, mumangogula galasi lodziyang'anirapo.

aMwale wa ku Luton: Pokhapa ndiye tagwirizana.

Nachisale wa ku Leeds: Zikomo nonse. Zolipira pamwezi ndazisiya. Mavoti ndilembetsa usiku uno ndikaweruka. Khadi ndidikira kaye dzina lilowe m'kaundula, kenako ndidzayezenso mwayi, ndifunsenso ku banki yanga. Ndikatenga ndidzapempha malire ochepa kwambiri. aMwale, mawu anu a foni ya kumudzi andikhudza, sinditsutsa.

aMwale wa ku Luton: Ine maganizo anga sanasinthe, achemwali. Koma ngati mutenge, kumudzi asadziwe kuti muli nayo.

Nangozo_Reading: aBanda, funso langa lapadera. Mlamu wanga ali kale ndi ngongole pa makhadi awiri, ndipo pa webusaiti yomweyo akuona za balance transfer, kusamutsira ngongole pa khadi ina, ya 0 peresenti. Imeneyo ndi yeniyeni?

aBanda wa ku Glasgow: Ndi yeniyeni, koma amadula chindapusa posamutsa, kawirikawiri 3 peresenti kapena kuzungulira pamenepo, ndipo akaphonya kulipira mwezi umodzi akhoza kumulanda 0 peresentiyo. Asagulire zinthu pa khadi yatsopanoyo. Ngati ngongole yamukulira, ayambe waimbira StepChange kapena apite ku Citizens Advice, mabungwe olangiza anthu a ngongole, onsewo salipiritsa. Ngongole yonse pamodzi ndi zingati?