Phiri likagumukira pamsewu, kukonza kumachedwa pati?

Nambewe: Akuluakulu, ndithandizeni. Namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu mu Malichi 2023, ndipo ku Chiweta pa M1 miyala imatseka msewu dzinja likafika. Katapila amabwera, n'kukankha dothi, basi wapita. Nanga kukonza kwenikweni kumakakamira pati?

Gondwe: Mayi, zomwe katapila amachitazo n'kutsegula njira chabe. Ntchito yeniyeni imayamba ndi mainjiniya a Roads Authority kuyeza malowo, kujambula pulani ndi kuwerengera mtengo, kenako tenda motsata malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma. Ndalama zimachokera ku Roads Fund Administration, makamaka ku msonkho wa pamafuta ndi zipata zolipiritsa magalimoto za Chingeni ndi Kalinyeke. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho ngozi ya mu Malichi imapeza bajeti itakonzedwa kale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, phula ndi dizilo yomwe makontilakitala anasainira inatha ntchito. Wosalipidwa amachotsa makina pamalo. Timisewu tambiri ta kumudzi tili m'manja mwa makhonsolo, omwe thumba lawo ndi laling'ono.

Che Mbewe: A Gondwe anena zoona, koma ngakhale ndalama zitapezeka lero, dothi lonyowa siligandika. Muyenera kudikira mvula ithe cha mu Epulo kapena Meyi. Ndipo chimene chimagwetsa phiri ndi madzi olowa pansi, choncho woyamba kukonzedwa ndi madziwo. Kumbani ngalande kumtunda kwa pomwe panagumuka, kuti madzi apatuke. Dothi logumukalo lichotsedwe kuyambira pamwamba. Mukalidula m'munsi, mwachotsa chomwe chimaligwira, ndipo lotsalalo limatsetsereka mvula yotsatira. Apa ndi pomwe ntchito zachangu zimalakwira kawirikawiri.

M'munsi mwa phiri mumaika magabiyoni, mabasiketi a waya aja a mamita 2 m'litali, 1 m'lifupi ndi 1 msinkhu, odzaza miyala ya masentimita 10 mpaka 20, kumbuyo kwake nsalu ya geotextile yosefa dothi. Khoma likakhala la simenti, lisiyidwe mabowo otulutsa madzi, apo ayi limafufuma n'kugwa. Pokwirira, thirani gelevulo wa masentimita 15, gandani ndi rola, ndiye muonjezere wina. Kalavati asachepere mamilimita 900, chifukwa wocheperapo amatsekeka ndi zinyalala ndipo munthu sangalowemo kukafukula. Pomaliza dzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa.

Nambewe: Zikomo bambo. Ndiye anthu azingodikira?

Gondwe: Ayi mayi. Mlatho ukakokoloka, wachitsulo wa Bailey umamangika m'masiku kapena masabata ochepa. Vuto n'loti wongoyembekezera uja amasiyidwa zaka, malole olemera kuposa muyezo akudutsapo. Nkhani ipite kwa DC kudzera ku ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera, isanafike Okutobala, ndipo pemphani kuti makalavati ndi ngalande zifukulidwe mvula yoyamba isanagwe.