Manambala a nthunzi akubalalika ndikafika pa ayezi wa ku Arctic

Wa ku Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuwerengera nthunzi ya madzi mumlengalenga ku Arctic ndi AMSR2, chipangizo cha pa setilaiti choyeza mafunde a microwave, tchanelo cha 23.8 GHz. Pa nyanja yopanda ayezi zikuyenda bwino. Ndikangofika pa ayezi, manambala akudumpha ngati minibasi pa msewu wa maenje. Vuto ndi pulogalamu yanga?

Wa ku Bunda: Pulogalamu isiyeni achimwene, ilibe mlandu. Madzi a m'nyanja amatulutsa ma microwave ochepa, ndiye nthunzi imaonekera bwino pamwamba pake. Ayezi amatulutsa ambiri, ndipo emissivity yake (kuchuluka kwa ma microwave omwe amatulutsa) sikhazikika: ayezi wa chaka chino ndi wakale safanana, chipale chikagwerapo zasinthanso. Kuwonjezera apo mzere wa 22 GHz, chizindikiro cha nthunzi chomwe tchanelo chanucho chimadalira, ndi wofooka, mpweya wa kumeneko ndi wouma. M'nyengo yozizira nthunzi yonse mumpweya ndi mamilimita ochepa chabe, pamene kuno m'dzinja timapitirira 30. Setilaiti ikuona ayezi, osati nthunzi.

Wa ku Area 25: Nanga MODIS, chipangizo china chija cha pa setilaiti?

Wa ku Kawale: Mukuyang'ana miyezi iti? Njira ya MODIS ya near-infrared ija (kuwala kosaoneka ndi maso) imadalira dzuwa, ndipo mu Disembala kumeneko dzuwa silituluka n'komwe. Setilaiti ya zanyengo ya Meteosat yomwe tinazolowera musaiganizirenso, ili pamwamba pa equator, kumeneko imangoona chammbali.

Wa ku Bunda: Tengani MHS, chipangizo choyeza chinyezi cha pa setilaiti za Metop. Mzere wa 183 GHz ndi wamphamvu, nthunzi yochepa imaumva. Njira ya ku yunivesite ya Bremen imatenga matchanelo atatu oyandikana, n'kuyerekeza kusiyana kwawo, kuti za pansi zizichotsana zokha. Koma ili ndi polekezera. Nthunzi ikafika cha m'ma 7 kg/m² (chimodzimodzi mamilimita 7), matchanelowo saonanso pansi. Akaphatikizapo 89 GHz amafika cha m'ma 15, koma pa ayezi pokha. Ndiye AMSR2 musaitaye, m'chilimwe cha kumeneko mudzaifuna pa madzi.

Wa ku Kawale: Chenjeraninso ndi mitambo ya ayezi. Imamwaza 183 GHz, manambala n'kutsika ngati kwauma pamene sikunaume. Malo amenewo achotseni kaye. Mukatero yerekezani ndi mabaluni oyezera nyengo a ku Ny-Ålesund, pa zilumba za Svalbard ku Arctic, koma musankhe setilaiti yodutsa pafupi ndi ola lomwe baluni inakwera. Ine avereji ya tsiku lonse sindiikhulupirira.

Wa ku Area 25: Zikomo achemwali, zamveka. Chatsala ndi bando, mafayilo amenewa ndi aakulu.

Wa ku Kawale: Yambani ndi Januwale yekha, kuyambira 70°N kupita kumpoto. Zikagwirizana ndi mabaluni, ndiye muwonjezere miyezi inayo.