Kaufiti wafiiritsa munda wa agogo, tichite bwanji?

Mlimi wa ku Mponela: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Munda umene ndikulimawu anaswa mphanje ndi agogo athu. Bambo atautenga anayamba fodya wa bale, nthawi ija alimi ang'onoang'ono atangololedwa kulima, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Pochoka fodya pankalowa chimanga n'kumadyerera feteleza wotsalira, nkhokwe n'kudzadza. Fodya tinasiya, zigafa zinagwa, ndiye kuyambira pamenepo ndi chimanga chokhachokha chaka ndi chaka. Pano chikungofika m'chiuno n'kumafota ngakhale mvula ikugwa bwino. Achimwene akuti tingougulitsa.

Mayi wa ku Mchinji: Maluwa a kaufitiyo ndi ofiira kapena achikasu?

Mlimi wa ku Mponela: Ofiira psuu, mayi, timaluwa ting'onoting'ono m'mphepete mwa mapesi.

Mayi wa ku Mchinji: Ndiye ndi wa chimanga ndi mapira. Wachikasu uja, wamtengo wonenepako, ndi amene amagwira khobwe ndi mtedza. Musagulitse. Gawani mundawo pawiri, mbali yoipitsitsayo mubzale soya. Mizu ya soya imanyenga njere za kaufiti kuti zimere, koma zikamera zimasowa pogwira n'kufa.

Bambo wa ku Kasungu: Zoona, koma asayembekeze kuti chaka chimodzi athana nazo. Njere zimenezi zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10. Chimene ambiri timalakwitsa n'kuzula mochedwa. Mukaona maluwa, dziwani kuti chimanga anayamba kalekale kuchiyamwa pansi. Zulani asanabereke, ndipo musasiye m'mizere, tolerani m'thumba mukawotche kunja kwa munda. Makasu obwereka ndi ng'ombe zodyera mapesi nazonso zimasamutsa njere.

Mlimi wa ku Mponela: Vuto n'lakuti kunyumba sangamve zoti chimanga chichepe. Nsima tidzaitenga kuti?

Mayi wa ku Mchinji: Nanga pano mukukolola zingati? Theka lothiridwa manyowa liposa munda wonse wa kaufiti. Kaufiti amakonda nthaka yoguga, n'chifukwa chake nthawi ya fodya simunkamuona. Ngati muli ndi khola, manyowa onse apite ku theka la chimangalo, ndipo pakati pa mapando muponyemo nandolo.

Bambo wa ku Kasungu: Mbewu ya soyayo osaiwala kuipaka inokulanti (tizilombo tothandiza mizu kupanga chonde) tsiku lobzala, pamthunzi, n'kubzala mizere iwiri pamzere umodzi. Alangizi a kwanuko akuonetsani.

Mlimi wa ku Mponela: Ndamva. Loweruka ndikhala pansi ndi achimwene ndi amalume, poti mundawu sindingaugawe ndekha.