Za womuyang'anira mphwanga uja, tapeza poyambira

Mwezi watha ndinafunsa kuti tingadziwe bwanji ngati wofufuza za matenda opatsirana ndi katswiri weniweni, poti mphwanga akufuna womuyang'anira pa kafukufuku wake wa malungo. Zikomo nonse amene munati tiyang'ane pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti losakirapo zolemba za ofufuza.

Loweruka tinakhala pakhonde kuno ku Kasungu, foni m'manja, bandulo ikutha ngati madzi. Chinatizunguza mutu ndi h-index, nambala yoyezera ntchito ya wofufuza. Kani n'chosavuta: munthu akakhala ndi 20, ndiye kuti ali ndi mapepala a kafukufuku 20 omwe lililonse latchulidwa m'zolemba zina kosachepera ka 20. Anaiyambitsa ndi Jorge Hirsch mu 2005, ndipo iyeyo ndi wa physics, osati dokotala.

Koma nambalayi imakomera akuluakulu, chifukwa imakwera ndi zaka. Scopus, tsamba lina lofanana ndi Google Scholar, kawirikawiri imapereka yocheperapo, popeza imawerenga magazini osankhidwa okha. Tinayang'ananso pomwe pali dzina la munthu papepalapo. Pa zachipatala, woyamba nthawi zambiri ndi amene wakhetsa thukuta, womaliza ndi mtsogoleri, apakatiwo amatha kuchuluka ngati anthu a pamaliro.

Ndinakumbutsanso mphwanga za Blantyre Coma Scale, njira yoyezera kukomoka kwa mwana, ya Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, ya 1989. Namwino akamayeza nayo mwana wokomoka ndi malungo m'wodi, palibe nambala imene imakwera pa intaneti.

Mphwanga wasankha mayi wina wa h-index yocheperapo, koma amene ophunzira awo amalembedwa poyamba pa mapepala. Kalata watumiza Lolemba, tikudikira yankho.