Room correction ya pa foni yandisokonezera ntchito, thandizeni msanga

Wamawaya:
Akuluakulu mutu waima. Dzulo ndamanga zoimbira kwa bwana wina kuno ku Lilongwe, masipika awiri aatali, sub imodzi ya 12 inch ya active, ndi ka streaming amp kaja kokhala ndi room correction ya pa app, ija imayeza chipinda ndi mayiki nkukonza yokha kamvekedwe ka masipika. M'katoni mulibe mayiki, akuti ugwiritse ntchito ya foni. Ndisanakhudze chilichonse zimamveka bwinoko, kungoti besi imachita buuu pa nyimbo zina. Ndapanga sweep (kulira koyezera kochokera pa besi mpaka ma high) katatu ndi Android yanga, ma curve atatu osiyana ngati ndayeza nyumba zitatu. Ndatenga lomaliza. App yakweza 43 Hz ndi 6 dB, pansi pa 40 yakwezanso, cha ku 8k yadula. Pano sub ikugunda pwa pwa ukangokweza volume, oyimba akumveka ngati afunda bulangeti. Ndabwereka iPhone ya madamu a pakhomopo, curve yake inanso. Bwana wagwira balansi yanga, akuti ndibwere Loweruka ndidzakonze. Pabalazapo ndi 6 m kwa 4 m, siling'i 2.8, pansi matailosi, mbali imodzi chitseko chagalasi, sofa yatsamira khoma lakumbuyo. Ndikhulupirire foni iti? Zogula mayiki musandiuze, Loweruka ndi mkuja.

Madala_Disco:
Mphwanga zimitsa correction yonseyo. Wanena wekha kuti zimamveka bwino usanakhudze. Ife tayimba m'maholo a malata zaka zambirimbiri ndi graphic EQ ya 31 band, yokwezera ndi kutsitsira ma frequency pamanja, ndi khutu basi. Uza bwanayo agule kapeti ndi makatani olemera, sofa muichotse kukhoma. Foni ndi yoyimbira anthu.

Chibesi:
Amwene vuto lanu likuoneka pa manambala mwaperekawo. Mawu amathamanga mamita 343 pa sekondi. Tengani 343 mugawe ndi kutalika kwa chipinda kuwirikiza kawiri. Mbali ya 6 m ikupatsani 28.6 Hz, kenako 57, kenako 86. Mbali ya 4 m ikupatsani 43, kenako 86. Mwaona? 86 yabwera kawiri, ndiye buuu munamumva uja, ndipo sofa ili kukhoma kumene zonse za mbali yaitaliyo zimaunjikana. Tsopano 43. Ngati munayeza pampando wapakati pa sofa, munali pakati penipeni pa 4 m, pomwe 43 imadzifafaniza yokha. Limenelo ndi dzenje la chipinda, si la sipika. App yaona dzenje nkuyamba kuthiramo mphamvu. 6 dB ndi mphamvu kanayi, sub ikuvutika ulere, dzenjelo silikudzaza, koma amene wakhala kumapeto kwa sofa akulandira yonseyo. Chulu, pamene besi yaunjikana, mutha kuchidula ndi EQ, dzenje ayi. Foni munaigwira bwanji?

Wamawaya:
M'manja, ndili chiimire kutsogolo kwa sofa, cha pachifuwa. Kava sindinachotse.

Chibesi:
Ndiye basi. Pachifuwa ndi cha pa 1.4 m, theka la siling'i yanu, pamenepo 61 Hz imasowanso. Thupi lanu linali kuseri kwa foni, dzanja likugwedezeka. Ma curve atatu osiyana sakundidabwitsa.

Mlongo_wa_Mixer:
Ndiwonjezere za foniyo poti achimwene a Chibesi atha za chipinda. Kamayiki ka m'foni pakokha si koipa kwenikweni, vuto ndi zimene foni imachita ndi mawu asanafike ku app. Foni anaipangira kuyankhula. Zambiri zimadula ma low kuti mphepo ndi kukhudza kwa dzanja zisamveke, zili ndi AGC yomwe imatsitsa yokha phokoso likakwera, ndiye pali noise suppression yomwe ikamva pink noise imaiyesa phokoso loti ilichotse. Pansi pa 40 pamene app yakweza paja ndikuganiza kuti ndi foni imene sikumva, osati sub. Android anaikamo njira yotengera mawu osakonzedwa kuyambira 7.0 mu 2016 koma si foni iliyonse imene imalola, komanso si app iliyonse imene imapempha. Nchifukwa chake a Sonos, opanga masipika, atatulutsa room correction yawo ya Trueplay mu 2015 anangoiika pa iPhone ndi iPad, mitundu yake ndi yowerengeka, atha kudziwa khalidwe la mayiki ya uliwonse. A Android anadzawapatsa njira ina mu 2023 pa masipika a Era, ndipo imayeza ndi mayiki za m'sipika momwemo, osati ya foni. Ndiye pa mafoni awiri muli nawowo ine ndingatenge iPhone ya madamuwo, osati poti ndi yabwino kuposa yanu, koma opanga app amakhala kuti aidziwa.

Madala_Disco:
Mwamva? Ngakhale eni ake akuvomereza kuti foni siimva. Khutu limamva. Kapeti, makatani, nkhani yatha.

Chibesi:
Madala ndi ulemu wonse, 86 Hz ndi funde la mamita anayi. Katani silingaligwire, limangodutsa ngati palibe kanthu. Kapeti ithandiza pa ma high, matailosi ndi galasi lija, pamenepo sindikutsutsani. Zochotsa sofa kukhoma ndikugwirizana nanunso. Koma buuu uja ndi wosuntha sub kapena kudula ndi EQ.

Fyuzi:
Kkkk zandikumbutsa ku Mzuzu chaka chatha. Nyumba yopanda siling'i, ndayamba kuyeza mvula nkuyamba kuwaza pamalata. Ndinati ndi yochepa iyi, ndinapitiriza. Curve inatuluka ngati mano a sowo. Ndinadikira mpaka ikate, nditangodina start tambala wa aneba uyo pazenera. Ndinagona komweko. Amwene musanayeze zimitsani filiji, fani, ndipo ngati ali pa jenereta musayese nkomwe. Ana muwatulutse.

Soldala:
Inu mwati sub ikugunda pwa pwa, mwatsimikiza kuti ndi sub? Ine ndinamasulapo sub yabwinobwino ya kasitomala, ndikuyesa kuti coil yakhudza. Ndamasula zomangira zonse, ndayeza, zonse zili bwino. Kubwezeretsa, phokoso lomwe lija. Mapeto ake anali mbale ndi matambula a mu display cabinet, zija amayi amasungira alendo, zimanjenjemera pa note imodzi yokha. Ikani tone muziyendetsa pang'onopang'ono kuchokera 30 mpaka 120 Hz pa volume yochepa, muyende m'chipindamo mukugwira zinthu. Chitseko chagalasi chotsetserekacho ndikuchikayikira, ndi siling'i ngati ili ya mabodi.

Wamawaya:
Ndi sub akulu, ndinaika dzanja, cone ikuchita kufika kumapeto. Koma display ilipodi kkk. Ndiye Loweruka ndiyambire pati? Nthawi ndilibe, bwanayo amaima pambuyo pako ukamagwira ntchito.

Mlongo_wa_Mixer:
Yambani mwabwezera zonse pa flat. Sub ikhale bwino kaye musanayeze, level, crossover (frequency imene sub imalandirana ndi masipika) ndi phase (kuti sub ndi masipika zikankhire limodzi). Mukaika crossover pa 80 samalani, ili pafupi ndi 86 wanu uja, ndipo ngati ka ampu kanu sikadula ma low ku masipika aataliwo ndiye kuti onse atatu akuimba malo amodzi. Mwina buuu wina akuchokera pamenepo. Tembenuzani phase mumve mbali imene ikumveka yodzaza koma yosafufuma. Poyeza chotsani kava, onani kabowo ka mayiki ngati mulibe fumbi, foni ikhale pa stand pamene pamakhala mutu wa munthu atakhala pansi, inu muchokepo. Musaigoneke pa sofa. Mu app fufuzani pamene pali range, muitsekere kuti isapitirire 300 Hz, ndipo max boost ikhale 0. Pamwamba pa pamenepo foni musaikhulupirire, kabowo kaja ndi kava zimasintha ma high, app nkumadula zinthu zomwe m'chipindamo mulibe. Bulangeti lanu lija lachokera kumeneko. Ngati app ilibe zosankha zimenezi, ingoonani pamene pali chulu mudule nokha pa PEQ, EQ ija mumasankha nokha frequency, filter imodzi kapena ziwiri.

Madala_Disco:
Ndiye mwazungulira mwafika pomwe ndinanena. Kudula wekha ndi dzanja. Nanga ukudula ukumva ndi chiyani? Khutu.

WakuJoni:
Man ndikudziwa mwati tisanene, koma ntchito imeneyi mukufuna kumadya nayo, pezani mayiki yoyezera ya UMIK-1. Ndi ya USB, iliyonse ili ndi calibration file yake yokonza zolakwika za mayikiyo, mumakopera pa webusaiti ya miniDSP ndi serial number. Mafailo ndi awiri, la 0 digiri mukailozetsa ku sipika, la 90 mukailozetsa kudenga, musasokoneze. Ndi pulogalamu yoyezera ya REW pa laputopu, yomwe ndi yaulere, mukuona chilichonse mpaka kuchedwa kwa besi kuzima m'chipinda. Yotchipirapo ndi Dayton iMM-6 yolowa pa jack ya foni, ilinso ndi file yake, ndipo pali ina ya USB-C. Kungoti app yanuyo ionetsetseni ngati imalola mayiki yakunja ndi kulowetsa file, apo ayi mwangosintha mayiki koma AGC ikadalipo.

Fyuzi:
Ine ndili ndi kamayiki ka room correction ya Audyssey kanatsala pa receiver ina ya Denon, nditha kukubwerekani.

Chibesi:
Ayi imeneyo isiyeni. Kamayiki kaja kanapangidwira receiver yake, kukonza kwa curve yake kuli mkati mwa receiver. Mukakalumikiza kwina simudziwa chimene mukuwerenga. Chimodzimodzi ka YPAO ka Yamaha, musamasinthanitse ngakhale pulagi ikulowa. Amwene a Wamawaya, ngati mukufuna kudziwa pamene foni yanu imasiyira kumva, ikani mafoni onse awiri pafupi kwambiri ndi cone ya sub, masentimita ochepa, volume yotsika, muyendetse sweep. Pafupi choncho chipinda sichilowerera kwambiri. Imene curve yake ikugwa msanga ndiye yogontha. Koma ngati sub ili ndi port mudzaona kadzenje pa tuning yake, kameneko nkachibadwa, musakathamangire.

Soldala:
Zokweza potsatira foni zinandiotchera ma tweeter pa ukwati. Mnyamata amene ndinkayenda naye anatsegula RTA, app yoonetsa mphamvu ya frequency iliyonse, pa foni yake, akuti akulu ma high kulibe. Anakankha ma slider onse kuyambira 8k kupita kumwamba. Ine ndili kunja ndikulimbana ndi jenereta. Akwati asanalowe nkomwe ma horn onse awiri zii. Titaiona foniyo, kabowo ka mayiki kodzaza ndi ulusi wa m'thumba. Perekaniperekani yense tinayimba ndi ma mid okha, ndalama ya tsikulo inathera ma diaphragm.

Madala_Disco:
Ndi zimenezotu. Mnyamatayo akanamvetsera akanadziwa kuti ma high alipo. Ana inu mukuyang'ana nyimbo ndi maso.

Mlongo_wa_Mixer:
Madala khutu lanu sitikulikana, koma khutu silingakuuzeni kuti ndi 86 osati 70, ndipo pa PEQ yopapatiza ukaphonya pang'ono wadula besi yabwino nkusiya yoipayo. Pansi apo foni ngakhale yogontha imaonetsa malo a chulu molondola, imanama pa kukula kwake. Komanso tinene zoona, tonse amene takhala pafupi ndi masipika a disco zaka zambiri kumwamba kuja sitimvanso ngati kale.

Madala_Disco:
Makutu anga akumva bwinobwino mwanangu.

Chibesi:
China musaiwale, yezani malo angapo, mipando yonse itatu ya sofa, osati umodzi. Dulani chokhacho chimene chikuoneka paliponse. Ndipo yesani kusuntha sub musanakhudze EQ. Ikani sub pa sofa pomwe amakhala bwana, muyimbe nyimbo ya besi yoyendayenda, inu mukwawe m'mbali mwa makoma. Pamene ma note onse akumveka ofanana ndi pomwe sub ikhale. Pakona imakwera mphamvu koma imadzutsa zonse zija ndawerenga.

Wamawaya:
Kukwawa pamaso pa bwana ameneyo? Kkkk adzati ndapenga. Komanso madamu ananeneratu kuti sub ikhale pakona kuseri kwa maluwa, sakufuna kuona mawaya, ndipo sofa siisuntha chifukwa ya tebulo. Chabwino ndiyesa ndi iPhone, range 300, boost 0. Bwanji nditangoizimitsa correction nkumuuza kuti ndakonza?

Fyuzi:
Ndinapangapo zimenezo. Kasitomala anati eya tsopano ndiye zamveka. Koma wanuyu app ili pa foni yake, akadzatsegula nkuona kuti ili off mudzayankha nokha.

Soldala:
Ndipo muchenjere, akadzasintha malo a sub kapena kubweretsa kapeti ija, filter zanu zonse zasokonekera, adzakuyimbiraninso. Mugwirizane kaye ngati kubweranso kuli ndi mtengo wake. Sungani screenshot ya ma setting, ana amabofinya.

Madala_Disco:
Sofa ichoke kukhoma, ngakhale theka la mita. Tebulo si khoma, limasuntha.

WakuJoni:
Amene akufuna ma UMIK kapena ma Dayton anene, tikaphatikiza oda transport imatsika. Ndimatumiza pa basi, imafikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Za pa boda aliyense adzionere.

Fyuzi:
Man WakuJoni mungandipezereko recone kit ya 15 inch, coil ya 3 inch? Ndi ma diaphragm awiri a 1.75. Ndikutumizirani zithunzi ku inbox.

Soldala:
Ma diaphragm amenewo onetsetsani ma ohm, ine anandibweretsera a 16 pomwe ndimafuna a 8.