Malekodi a malemu bambo anga, ndigulitse kapena ayi?

Membala wobisa dzina: Abale thandizeni maganizo. Bambo anga anatisiya chaka chatha, anagwirapo ntchito ku migodi ku Kitwe m'ma 1970 ndiye anabwerako ndi katoni ya malekodi. Katundu yense achibale anagawana, galamafoni anatenga bambo aang'ono osandiuza nkomwe, ine amene ndinkagonera kuchipatala anangondisiyira katoniyi ati ndi zinyalala. Pano mkulu wina akuimbaimba foni akufuna agule onse pamodzi. Muli ina ya azungu anayi akuwoloka msewu, mmodzi alibe nsapato. Mayi akunyumba akuti gulitsani tilipire lendi, alandilodi nawo tsiku ndi tsiku ali pakhomo. Nditani?

Mdala wa Magitala: Achimwene imeneyo ndi Abbey Road ya gulu loimba la ku Britain la The Beatles, 1969!! Chithunzicho anajambula pa 8 August chaka chomwecho panja pa situdiyo yawo ku London, wapolisi ataimitsa magalimoto, wojambula atakwera makwerero pakati pa msewu, zithunzi 6 zokha basi. Wopanda nsapatoyo ndi Paul McCartney, mpaka anthu anayamba kufalitsa zoti anamwalira kalekale ndipo uyu ndi wongofanana naye. Yang'anani kutsogoloko, palibe dzina la gulu olo la chimbale. Ana a masiku ano mungazidziwe izi?

Mayi wa ku Area 25: Pepani ndi zovutazo. Koma zinthu za makolo sitigulitsa chisawawa, lendi idzabweranso mwezi wamawa, malekodiwo sadzabweranso.

Wa ku Ndirande: Mkuluyo akupereka zingati? Simunanene.

Mphwanga wa ku Joni: Beatles ndi nyimbo zogonetsa ana kkkk. Gulu la Queen ndiye dilu, woimba wawo Freddie Mercury anabadwira ku Zanzibar mu 1946, ndi wakwathu kuno ameneyo.

Mdala wa Magitala: Iwe mphwanga usandiphunzitse za Queen, pa konsati ya Live Aid ya pa 13 July 1985 ku Wembley ku London anaimba mphindi pafupifupi 20 zokha sitediyamu yonse kuwomba m'manja limodzi, ndikudziwa bwinobwino. Koma situdiyo imene anajambuliramo Abbey Road pano imatchedwa ndi dzina lomwelo, ndipo malo owolokerawo boma la Britain linawateteza mu 2010. Queen ili ndi msewu wake?

Mlongo wa ku Zomba: Ine anga ndinawaika chogona m'nyumba ya malata mwezi wa October, onse anapindika ngati chipewa. Ndimalirabe. Aimikeni chilili, pamthunzi, ndipo musapukute ndi spiriti.

Wa ku Chipata: Abbey Road inadindidwa mamiliyoni, ambiri mtengo wake ndi wamba, zimatengera anadindira dziko liti komanso ngati yakalika. Pafupi ndi pepala la pakati pali manambala ozokota, alembeni pa Discogs, webusaiti ya malonda a malekodi, muone. Koma mwati Kitwe? Fufuzani ngati muli magulu a ku Zambia ngati WITCH, Amanaz (chimbale cha Africa, 1975) kapena Ngozi Family ya Paul Ngozi. Nyimbo zawozo ndi za rock ya ku Zambia yotchedwa Zamrock, malekodi ake oyambirira ndi osowa, azungu amawasakasaka. Mwina mkuluyo akufuna zimenezo, nchifukwa akuti onse pamodzi.

Mdala wa Magitala: Paul Ngozi ndimamulemekeza koma gitala yoteroyo anayambitsa ndi Jimi Hendrix, mumvere za ku konsati ya Woodstock 1969 kaye.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Bambo aang'ono aja amvanso za wogulayo, akuti katoniyo ndi ya banja lonse.

Wa ku Ndirande: Achimwene, ZINGATI?