Zindege zonyamula katundu wa asilikali ku Mach Loop: ndikaime pati, ndipite liti?

Namzeze

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za ndege. Ndikufuna kukaona ndi maso zindege zonyamula katundu wa asilikali zikuuluka motsika m'zigwa za ku Wales, kumalo aja amati Mach Loop. Majeti othamanga aja sandikopa kwenikweni, mtima wanga uli pa zikuluzikuluzo, za mainjini anayi. Ndichokera ku Birmingham ndipo ndili ndi masiku awiri okha. Kodi pali ndandanda ya nthawi yomwe zimadutsa? Ndikaime pati? Zimatsika mpaka pati, nanga ndingazisiyanitse bwanji poti zonse ndi zotuwa? Kamera ndili nayo, lenzi yake ndi ya 70-300.

Nkhwazi

A Namzeze, choyamba dziwani kuti kumeneko kulibe chionetsero. Ndi malo omwe asilikali amaphunzirirako kuuluka motsika, ndipo ndandanda yoti ndege yakuti idutsa nthawi yakuti kulibe. Anthu amatha kutandala paphiri kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka n'kutsika chimanjamanja, pomwe tsiku lina ndege zimangobwera motsatizana. Masiku awiri anuwo akhale a mkati mwa sabata. Loweruka, Lamulungu ndi pa maholide a boma musawononge mafuta.

Mach Loop ndi zigwa zolumikizana pakati pa Dolgellau kumpoto ndi Machynlleth kummwera, ndipo dzinalo linachokera ku Machynlleth komweko. Zigwazi zili m'dera lomwe asilikali a Britain amalitcha LFA7. Ndege zimazungulira mbali imodzi, mosemphana ndi mivi ya wotchi: zichokera kummawa cha ku Dinas Mawddwy, zikwera mpata wa Bwlch pamsewu wa A470, zikhotera kumanzere, zilowa mpata wa Tal-y-llyn m'tsinde mwa phiri la Cadair Idris, kenako zilowera cha ku Corris. Amatero kuti ndege ziwiri zisakumane mphuno ndi mphuno m'chigwa chopapatiza.

Kwa munthu wopita koyamba ndinganene Cad West kapena Cad East, zitunda ziwiri zoyang'anizana pa mpata wa Tal-y-llyn, msewu wa A487 ukudutsa pakati. Poimika galimoto pali pamwamba pa mpatawo koma ndi pochepa, ndiye mulawire, nyengo yofunda pamadzaza 8 koloko isanakwane. Musaimike galimoto pa geti la mlimi kapena pokhota msewu. Kuchoka pamsewu kukwera ku Cad West ndi mphindi 20 kapena 30, njira yake ndi yotsetsereka ndipo kukagwa mvula imaterera ngati therere. Sankhani mbali potengera dzuwa. Mukaima ku Cad West mwayang'ana kummawa, ndiye m'mawa dzuwa limakuthobwani m'maso, masana limakhala kumsana. Ku Cad East ndi mosemphanitsa.

Za kutsika, malire a masiku onse ndi mafiti 250, omwe ndi mamita 76. Muyesowu si wochokera pansi pachigwa pokha, ndi mtunda wa pakati pa ndege ndi chinthu chilichonse, kaya thanthwe la m'mbali, mtengo kapena nthambo za magetsi. Mukakwera phiri, ndege imadutsa molingana ndi maso anu, mwinanso pansi panu, moti mumaona pamsana pake. Ngati chomwe mukufuna ndi kuimva ikudutsa pamutu, chifuwa chikunjenjemera, tsiku limodzi mukhale m'munsi, cha ku nyanja ya Tal-y-llyn.

Nyengo ya kumeneko ili ngati chiperoni cha ku Thyolo, koma chozizira kuposa apo. Nkhungu ikaphimba nsonga za mapiri oyendetsa ndege salowa m'chigwa, amakwera n'kupita kwina. Tengani jombo zogwira pansi, jekete losalowa madzi, chipewa, magolovesi, tiyi wa mu fulasiki ndi kamba wa tsiku lonse, chifukwa paphiripo palibe golosale kapena chimbudzi. Malowa ndi odyetsera nkhosa za eni ake. Geti mukatsegula mutseke, zinyalala mubwere nazo.

Kabawi

A Nkhwazi afotokoza bwino za malo. Ine ndiyankhe za kusiyanitsa, chifukwa ambiri ndege iliyonse yotuwa ya mainjini anayi amangoti Hercules.

Yang'anani mchira kaye. Ngati timapiko takumbuyo tili pamwamba penipeni pa mchira, ngati chilembo cha T, ndiye kuti ndi A400M kapena C-17. Ngati tili m'munsi, pomwe mchira walumikizana ndi thupi, imeneyo ndi C-130 Hercules. Kenako mainjini. C-17 ilibe mapulopela, ili ndi mainjini a jeti anayi olendewera kunsi kwa mapiko, ndipo nsonga za mapiko ake zinapindikira m'mwamba. A400M ili ndi mapulopela a masamba 8 okhota ngati zikwakwa. C-130J ili ndi masamba 6, pomwe Hercules zakale zili ndi 4.

Kukula kwake nako kumathandiza. Mapiko a C-130J ndi mamita 40 kuchoka nsonga kufika nsonga, a A400M ndi mamita 42, a C-17 amayandikira mamita 52. Pa mapiko Hercules ndi A400M sizisiyana kwambiri, koma thupi la A400M ndi lalitali mamita 45 pomwe Hercules wamba safika 30. A400M imanyamula katundu wokwana matani 37, C-17 matani pafupifupi 77. Yomwe muli ndi mwayi waukulu woiona ndi A400M. RAF, gulu la ndege la asilikali a Britain, ili nazo 22, imazitcha Atlas, ndipo zimakhala ku Brize Norton m'chigawo cha Oxfordshire. Ma C-17 ake ndi 8, omwenso ali ku Brize Norton, koma m'zigwazi saonekaoneka. Hercules za RAF zinapuma ntchito mu June 2023, choncho mukaona Hercules lero, kawirikawiri imakhala MC-130J ya asilikali a America ochokera ku Mildenhall ku England, kapena ya dziko lina lobwera kudzaphunzira.

Chinthu chimodzi choti musamale nacho: diso limanama pa liwiro. Chindege chotere chimaoneka ngati chikuyenda mwaulesi, koma chimakhala chikuthamanga makilomita 400 kapena kuposerapo pa ola. Tiyerekeze ndi 450, omwe ndi mamita 125 pa sekondi. A400M pa sekondi imodzi imadutsa mtunda wosakwana kutalika kwake katatu, pomwe jeti ya F-15, ya mamita 19 okha komanso yothamanga kwambiri kuposa apo, imadutsa kutalika kwake koposa kakhumi. Ubongo umayeza liwiro potengera thupi la chinthucho, n'chifukwa chake chachikulu chimaoneka chochedwa. Phokoso nalo musalidalire. Limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, komanso phiri limalitchinga mpaka ndege itatulukira pakona. Mukadikira kumva kaye, mudzanyamula kamera ili kale pakati pa mpata.

Pokhota mpomwe pali ntchito yeniyeni. Pa liwiro lomweli, ikapendekeka madigiri 45 imafuna bwalo la makilomita 1.6 kuchoka pakati kufika m'mphepete. Ikapendekeka madigiri 60 bwalolo limachepa kufika mamita 900 ndi pang'ono, koma kulemera komwe mapiko akusenza kumawirikiza kawiri, ndipo liwiro lomwe ndege ingalephere kudzigwira m'mwamba limakwera ndi magawo 41 pa 100. Onjezani kuti phiko limodzi ndi mamita 21, ndiye pa madigiri 45 nsonga yake imatsika mamita 15 kunsi kwa thupi. Ndi chifukwa chake zikuluzikuluzi zimayamba kukhota msanga ndipo nthawi zambiri zimadutsa mokwererako kuposa majeti. Sachita izi kuti atisangalatse. Rada siona kuseri kwa phiri, ndipo ndege yokaponya katundu kapena asilikali pa parachuti kumalo a nkhondo imapulumuka pobisala m'zigwa. Luso limeneli likapanda kuchitidwa pafupipafupi limazilala.

Mpheta

Pa za kamera, lenzi yanuyo ikukwanira, musagule ina. Pa A400M vuto limakhala loti ndege yadzaza chithunzi mpaka mapiko kuduka, osati kuchepa. Ikamatulukira yambani pa 300, ikamayandikira muzibweza mpaka cha pa 100.

Chomwe chimawononga zithunzi zambiri ndi liwiro la shata. Anthu amaika 1/1000 kapena 1/2000 podikira majeti, ndiye ikafika ya mapulopela masamba onse amaima chilili, ndege n'kumaoneka ngati mainjini azima. Mapulopela a A400M ndi aakulu, mamita 5.3, ndipo amazungulira pang'onopang'ono, safika 900 pa mphindi. Kuti aoneke akuzungulira ikani 1/200 kapena 1/160. Pansi pa 1/125 zithunzi zambiri zimatuluka zogwedera pokhapokha dzanja lanu litazolowera. Imani miyendo motangadza, zigongono zigunde nthiti, muzitembenuka m'chiuno motsatira ndege, ndipo musaime mukangodina, pitirizani mpaka itapita. Fokasi ikhale yotsatira chinthu choyenda. Ngati kamera yanu imasunga makonzedwe awiri, amodzi akhale a majeti, ena a mapulopela, chifukwa nthawi yosinthira manambala simudzakhala nayo. Batire yapadera muiike m'thumba lamkati, kuzizira kumaidya msanga.

Zithunzi zikatuluka muyang'anitsitse phiko limodzi la A400M. Mapulopela ake awiri amazungulira mosemphana, masamba akutsikira pakati pa mainjini awiriwo, ndipo kukhota kwa masambawo kumaonetsa zimenezi. Kukakhala chinyezi, nsonga za masamba zimasiya timizere toyera topota ngati chingwe.

Pamodzi pokha ndisiyane pang'ono ndi a Nkhwazi. Kwa munthu wofuna zazikulu zokha, ine ndingayambe ndi Cad East. Kumeneko mumaiona ikubwera patali ndithu, mumapeza mpata woimirira ndi kukonzeka, ndiponso mumaona ulendo wake wonse ikulowa mu mpata, osati kamphindi kongodutsa.

Namzeze

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Mafunso awiri otsiriza. Kodi mapulogalamu a pafoni otsata ndege angandichenjeze kuti ikubwera? Nanga galimoto itandivuta, basi kapena sitima imafikako?

Nkhwazi

Amathandiza koma pang'ono. Pa pulogalamu ya ADS-B Exchange mutha kusankha kuti muziona za asilikali zokha, ndipo mukaona A400M yanyamuka ku Brize Norton kulunjika ku Wales, khalani tcheru. Nambala 7001 ikaoneka pa ndege mu pulogalamuyo, ndiye kuti yalowa kapena ikulowa m'dera louluka motsika. Vuto ndi loti ikangotsikira m'zigwa imazimirira pa mapu chifukwa mapiri amatchinga zolandirira mauthenga, komanso netiweki ya foni pa mpatapo ndi yodukaduka. Ikazimirira ili chakumpoto kapena kummawa kwanu, ikani foni m'thumba, maso akhale kumpoto kwa mpata.

Sitima ilipo yochoka ku Birmingham kudzera ku Shrewsbury mpaka ku Machynlleth. Kuchoka apo basi ya T2 yopita ku Dolgellau imadutsa mumsewu wa A487 womwewo. Mufunse dalaivala musanakwere kuti angakutsitseni pati, ndipo mudziwiretu nthawi ya basi yobwerera.

Droni musatenge. Lamulo limailola kukwera mpaka mamita 120, ndipo ndege zimenezi zimadutsa mkati mwa msinkhu womwewo. Tochi ya leza ndiye musayerekeze n'komwe, kuwalitsa ndege ndi mlandu womwe chilango chake chimafika zaka 5 kundende. Wina akavulala paphiri imbani 999, mupemphe apolisi, kenako munene kuti mukufuna opulumutsa anthu m'mapiri. Muyambe kutsika kusanade, chifukwa njira ya ku Cad West imavuta kwambiri potsika kuposa pokwera, makamaka mawondo atazizidwa tsiku lonse.